Kodi Chatsopano Chikabwera, Chakale Chichoke?

Makolo athu adatisiyira miyambi iwiri imene imaoneka ngati ikutsutsana. Wina umati, "Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa." Winawo umati, "Mawu a akuluakulu akoma akagonera." Mwambi woyambawo ukutilangiza kulandira chinthu chachilendo chifukwa chikhoza kutithandiza pamene nzeru zathu zathera. Wachiwiriwo ukutichenjeza kuti tisafulumire kutaya zimene tidazipeza. Miyambi yonseyi ndi yoona, ndipo masiku ambiri siyambana. Vuto limabuka pamene mlendo ndi mwini mudzi afuna mpando umodzi, koma mpandowo sungakwane anthu awiri. Pamenepo ayenera kuimirira ndani? Funso limeneli ndi lakale ngati mudzi, ndipo tiliunika pano poona zimene zidachitika pakati pa masewero awiri a pamadzi. Ife a kumapiri a Ntchisi ndi Dowa masewerowa sitiwadziwa kwenikweni, koma mkangano wake tiuzindikira msanga.

Munthu akakwera phiri la Ntchisi kunja kutayera bwino, amaiona Nyanja ya Malaŵi ikunyezimira kum'mawa. Mwera umene umatizizira kuno m'miyezi ya Juni ndi Julayi ndi womwewo umene umautsa mafunde kumeneko. Anthu adayamba kalekale kuigwiritsa ntchito mphepo ya panyanjayi. M'zaka za m'ma 1800 zombo za matanga za Jumbe zinkaoloka kuchokera ku Nkhotakota zitanyamula minyanga ndi akapolo. Mu 1984 padayambika mpikisano wa mabwato a matanga wotchedwa Lake Malawi Sailing Marathon, woyambira cha ku Mangochi kulowera kumpoto, mwera ukukankha kumbuyo. Choncho kupikisana poyendera mphepo si nkhani ya maiko akutali okha ayi.

Masewero oyamba mwa awiri aja amatchedwa windsurfing pa Chingerezi. Munthu amaima pa thabwa loyandama limene lili ndi mlongoti ndi thanga. Mlongotiwo umapendekera mbali iliyonse, ndipo munthuyo amagwira thanga ndi manja ake, nawongolera thabwa pongopendeketsa thangalo ndi thupi lake. Amene adatchukitsa chipangizochi ndi Jim Drake ndi Hoyle Schweitzer a ku California m'dziko la America, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Masewerowa adalowa m'mipikisano ya Olimpiki ku Los Angeles mu 1984, ndipo amayi adayamba kukhala ndi mpikisano wawo ku Barcelona mu 1992. M'nkhani ino anthu amenewa tiziwatcha a thanga.

Masewero achiwiri amatchedwa kiteboarding. Mwana aliyense amene adaulutsapo kaiti m'nyengo ya mwera amadziwa kuti kaiti imakoka dzanja. Tsono taganizani kaiti yaikulu ngati denga la kanyumba, yomangidwa m'chiuno mwa munthu ndi zingwe zazitali, munthuyo ataima pa kathabwa kopanda mlongoti. Kaiti ikadzaza mphepo kumwambako, imamukoka mwaliwiro loopsa. Abale awiri a ku France, Bruno ndi Dominique Legaignoux, ndiwo adapanga kaiti yopopa mpweya yosamira ikagwera m'madzi. Adalembetsa luso lawoli mu 1984, koma masewerowa adadzafalikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Awa ndiwo a kaiti.

Mpikisano wa magulu onse awiriwa umayenda mofanana. Panyanja amaikapo zizindikiro zoyandama, ndipo opikisana amayambira pamodzi, nazungulira zizindikirozo motsatira ndondomeko mpaka kufika pamzere womaliza. Mbali yovuta ndiyo yopita kumene mphepo ikuchokera. Palibe thanga kapena kaiti imene ingalunjike kumeneko, kotero opikisana amayenda mokhotakhota monga umachitira msewu wokwera phiri. Wopambana ndi amene wadziwa kuwerenga mphepo ndi kusankha pokhotera. Nzeru imeneyi a kaiti adaipeza ili kale ndi a matanga, ndipo malamulo a mpikisano wawo adawatenga kumeneko, nasinthako pang'ono.

Posakhalitsa a kaiti adaonetsa kuti kalumo kawo n'kakuthwadi. Mu 2010, ku Lüderitz m'dziko la Namibia, Rob Douglas wa ku America adathamanga makilomita 103 pa ola atakokedwa ndi kaiti, ndipo panthawiyo padalibe munthu wina aliyense amene adafikapo liwiro lotere poyendera mphepo pamadzi. Achinyamata ambiri adakopeka. Koma ku Olimpiki mipikisano ya matanga idali 10 yokha, ndipo malo oonjezera padalibe. Kuti watsopano alowe, wina adayenera kutuluka.

Mu Meyi 2012 akuluakulu a bungwe loyendetsa mipikisano ya matanga pa dziko lonse, limene panthawiyo linkatchedwa ISAF ndipo lero ndi World Sailing, adakumana ku Stresa m'dziko la Italy. Adavota, anthu 19 kutsutsana ndi 17, kuti ku Olimpiki ya ku Rio de Janeiro mu 2016 a thanga achoke, ndipo malo awo atenge a kaiti. Nkhaniyi idadzidzimutsa dziko lonse la masewerowa, ngakhale a kaiti ena amene. Bungwe la ku Spain lidapepesa poyera kuti nthumwi yake idavota molakwitsa. Miyezi itatu pambuyo pake a thanga adapikisana ku Olimpiki ya ku London akudziwa kuti aka n'komaliza. Dorian van Rijsselberghe wa ku Netherlands ndi Marina Alabau wa ku Spain komweko adapata mendulo za golide ngati anthu otsekera chitseko. Koma madandaulo adachuluka, ndipo mu Novembala chaka chomwecho msonkhano waukulu wa maiko onse a m'bungwelo, umene udachitikira ku Dun Laoghaire m'dziko la Ireland, udagwetsa chigamulo chija ndi mavoti ochepa chabe. A thanga adabwerera, a kaiti natsala panja. Ku Rio, van Rijsselberghe adapatanso golide.

Kodi apa adalakwiridwa ndani? Tisafulumire kuweruza, pakuti mbali zonse zidali ndi mfundo zomveka. A kaiti ankati: masewero athu ndi aliwiro, amakopa oonerera, zipangizo zake zimanyamulika m'chikwama, ndipo achinyamata akuthamangira kwa ife, kodi tikanizidwe chifukwa choti tidabadwa mochedwa? A thanga ankati: tatha zaka pafupifupi 30 tikumanga nyumba imeneyi, maiko agula zipangizo ndi kuphunzitsa ana amene ayamba ali aang'ono, mendulo yoyamba ya golide ya Hong Kong idabwera ndi Lee Lai-shan mu 1996, ndipo ya Israel idabwera ndi Gal Fridman mu 2004, onse awiri a thanga, kodi zonsezi zifafanizidwe tsiku limodzi? Amene amvetsera mbali imodzi yokha adzauona mlanduwu ngati wapafupi. Amene amvetsera zonse ziwiri adzaona kuti pakufunika mfundo zoweruzira.

Mfundo yoyamba ndi yakuti kuposa mnzako pa chinthu chimodzi sikukupatsa ufulu womuchotsa. Liwiro ndi chinthu chabwino pa mpikisano, koma ndi muyeso umodzi mwa miyeso yambiri. Chikhala kuti liwiro lokha ndilo limaweruza, bwenzi mipikisano yonse ya matanga itatha kale, chifukwa boti la injini limayenda ngakhale mphepo italeka. Anthu amapikisanabe ndi matanga chifukwa amalemekeza luso lake, ndipo luso logwira thanga ndi manja ndi losiyana ndi luso loulutsa kaiti. Mphepo nayo ilibe mwini. Amene waigwira bwino lero sadaigule, ndipo mawa ikhoza kumutembenukira. Momwemonso pamudzi, mnyamata wodziwa kuwerenga ndi kulemba amaposa agogo ake pa zimenezo, koma malire a minda ndi mbiri ya banja akadali m'mutu mwa agogowo.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti chigamulo chokhudza moyo wa anthu chiyenera kuwamva anthuwo ndi kuwapatsa nthawi. Chimene chidapweteka a thanga mu 2012 kwenikweni chidali kachitidwe kake. Anthu 36 m'chipinda chimodzi adasintha tsogolo la achinyamata a m'maiko ambiri mwadzidzidzi, patangotsala zaka zinayi kuti mpikisano uchitike. Akuluakulu adati nkhanga zidapangana kusanache, kutanthauza kuti zinthu zazikulu amakambirana nthawi ikadalipo. Adatinso kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo nthumwi ija yovota molakwitsa ikutikumbutsa kuti wotumidwa amanyamula moyo wa anthu amene adamutuma. Pabwalo la mfumu mlandu sugamulidwa mwini wake asanayankhule. Chigamulo chikhoza kukhala cholondola, koma chikafika ngati mphezi, anthu amachikana, ndipo ngakhale ubwino umene chidanyamula umatayika.

Pano wina akhoza kutsutsa kuti dziko likamadikira aliyense silingapite patsogolo. Kutsutsa kumeneku kuli ndi mphamvu, ndipo tisakupeputse. Zengerezu adalinda kwawukwawu. A kaiti adadikira zaka 12 kuchokera pa voti ya ku Stresa kufikira tsiku limene adapikisana ku Olimpiki, ndipo zaka 12 ndi moyo wonse wa katswiri wa masewero. Ambiri amene adali pachimake mu 2012 adafika mu 2024 mphamvu zitachepa. Iwowa adalipira mtengo wa cholakwa chimene sadachite. Choncho kuchedwetsa chatsopano nakonso kumavulaza anthu enieni. Komabe tiyenera kufunsa kuti chidawachedwetsa ndi chiyani. Chikhala kuti kulowa kwawo kudakambidwa poyera, mwadongosolo, popanda kuwaika ngati adani a anzawo a thanga, mwina chitseko chikadatseguka popanda kumenyetsedwanso. Kufulumira kwa ku Stresa ndiko kudabala kuchedwa. Changu ndi phuma ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo wa phuma kawirikawiri amayenda ulendo umodzi kawiri.

Mfundo yachitatu ikupita kwa eni mudzi: kukhalitsa pamalo sikukupatsa ufulu wokhalapo mpaka muyaya. A thanga amene ankateteza mpando wawo mu 2012 adali alendo mu 1984, pamene adalowa ndi kathabwa kawo pakati pa mabwato akuluakulu. Mwini mudzi wa lero adali mlendo dzulo. Ife tomwe tikudziwa kuti Angoni a Chiwere adafika ku Dowa m'zaka za m'ma 1800 atapeza Achewa, koma lero adzukulu a onsewo amalima moyandikana ndi kukwatirana. Chakale chimene chifuna kukhalabe chiyenera kulola kuphunzira. A thanga adachita zimenezo. Thabwa lolemera lotchedwa RS:X, limene adagwiritsa ntchito ku Olimpiki kuyambira mu 2008, adalisiya, natenga lina lotchedwa iQFOiL. Limeneli lili ndi phiko pansi pa madzi lomwe limanyamula thabwa lonse kuti liziyenda m'mwamba, losakhudza mafunde. A kaiti nawo adali atayamba kale kugwiritsa ntchito phiko lotere pa mipikisano yawo. Kubwera kwa mlendo kudadzutsa mwini nyumba.

Alimi a kuno aiona nkhani yotereyi m'munda mwawo. Chimanga cha haibulidi choyambirira chinkabereka kwambiri kuposa cha makolo, koma amayi ambiri sadachikonde chifukwa chidali chofewa: chinkaphwanyika mumtondo, ndipo anankafumbwe ankachimaliza msanga m'nkhokwe. Alangizi ankayesa ndi muyeso wa matumba, pamene amayi ankayesa ndi muyeso wa ufa wotsala akakonola. Mu 1990 akatswiri a zaulimi a dziko lino adatulutsa mbewu za MH17 ndi MH18, zimene zidatengako kulimba kwa njere konga kwa chimanga cha makolo, ndipo alimi ambiri adazilandira. Chatsopano chidapeza malo pamene chidamvera chimene chakale chinkadziwa. Kuphunzira kumayenera kuyenda mbali zonse ziwiri.

Mu 2024, pa Olimpiki ya ku Paris, mipikisano ya matanga idachitikira ku Marseille, ndipo a thanga ndi a kaiti adapikisana pa nyanja imodzi, gulu lililonse ndi mpikisano wake. Ellie Aldridge wa ku Britain ndi Valentin Bontus wa ku Austria adakhala oyamba kupata golide wa kaiti, pamene Marta Maggetti wa ku Italy ndi Tom Reuveny wa ku Israel adapata wa thanga. Mphepo idavuta masiku angapo, ndipo onse adadikira pamodzi m'mphepete mwa nyanja, popeza mphepo ikaleka sisankha kuti uyu ndi wakale, uyu ndi watsopano. Zimene mu 2012 zinkaoneka ngati zosatheka zidatheka.

Komatu tisanamizane kuti nkhaniyi idatha aliyense akumwetulira. Mipikisano idakhalabe 10. Kuti a kaiti apeze malo awiri, la amuna ndi la akazi, mipikisano iwiri ya bwato lotchedwa 470 idaphatikizidwa kukhala umodzi, ndipo bwato lotchedwa Finn, limene lidakhala ku Olimpiki kuyambira mu 1952 ku Helsinki, lidachotsedwa. Bwato limeneli ndilo linkayenera amuna a matupi akuluakulu, ndipo ambiri a iwo adasowa kolowera. Apa pali mfundo yachinayi, imene ndi yowawa: mpando ukakhala umodzi, wina amaimirira ndithu. Walira mvula walira matope. Chilungamo sichingathe kuchotsa kutaya konse. Chimene chingathe ndicho kuonetsetsa kuti wotayayo wamvedwa, wauzidwa nthawi ikadalipo, ndipo ntchito yake yakumbukiridwa mwaulemu. A Finn adadziwa za kuchotsedwa kwawo zaka zingapo mpikisano wa ku Paris usanafike. Kupweteka kudalipo, koma sikudafike ngati mbala usiku. Amene walowa pamalo pamene wina wachoka ayenera kudziwa kuti mpando wakhalirawo udali wofunda.

Pali phunziro linanso limene lili m'malamulo a pamadzi penipenipo. Anthu awiri oyendera mphepo akamakumana, lamulo silifunsa kuti waliwiro ndani kapena adayamba masewero ndani. Limati amene mphepo ikumufikira kuchokera kumanzere apatuke, apereke njira kwa amene ikumufikira kuchokera kumanja. Amene akupitirira mnzake kuchokera kumbuyo ndiye ali ndi udindo womulambalala. A kaiti awiri akamadutsana, amene ali kumbali kumene mphepo ikuchokera amakweza kaiti yake, winayo natsitsa yake, kuti zingwe zisakolane. Taonani nzeru yake. Popeza aliyense amayenda mokhotakhota, amene wapatsidwa njira tsopano ndiye adzapatuke pokhota pakubwerapo. Palibe amene ali ndi ufulu wa njira nthawi zonse. Ndipo waliwiro, m'malo mopatsidwa ufulu woposa, amasenzetsedwa udindo woposa, chifukwa iye ndiye akuona mnzake kutsogolo. Lamulo lomweli likadasungidwa pamisewu yathu, pamene akabaza a njinga zamoto amadutsana ndi akabaza a njinga zakapalasa, misozi yambiri ikadapeweka.

Tsono tiyankhe bwanji funso lathu lija? Chatsopano chikabwera, chili ndi ufulu wogogoda ndi kutsegulidwa, pakuti mudzi wokana alendo umafa ndi lumo lobuntha. Chakale nacho chili ndi ufulu womvedwa ndi kupatsidwa nthawi, pakuti m'menemo muli thukuta la anthu ndi nzeru zimene sizioneka tsiku loyamba. Kawirikawiri, tikadekha, timapeza kuti bwalo ndi lalikulu kuposa m'mene timaganizira, monga a thanga ndi a kaiti adapezera ku Marseille. Pamene bwalo lachepadi, chakale chikhoza kuchoka, koma chichoke mlandu utakambidwa poyera, ndipo chiperekezedwe monga timaperekezera mlendo wolemekezeka, mpaka kumalire a mudzi.

Inu ophunzira muli pafupi kutuluka m'sukulu muli ndi kalumo kakuthwa m'manja. Mudzafika m'maofesi, m'minda, m'zipatala ndi m'makalasi mukudziwa zinthu zimene amene mudzawapezewo sadaziphunzire. Musadzabise luso lanu chifukwa cha mantha, pakuti dziko likulifuna. Koma musanasunthe chinthu, yambani mwafunsa chifukwa chimene adachiikira pamenepo, popeza safunsa adadya phula. Ndipo dziwani kuti zaka sizichedwa. Tsiku lina kudzabwera wina waliwiro kuposa inu, atanyamula chipangizo chimene simudachilotepo. Ulemu umene mudzafune kwa iye tsiku limenelo ndi womwewo umene muyenera kupereka kwa amene muwapeze mawa.